Ndodo ya Gofu ya Mkamwini Wanga

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi ine nditapita, za ubwana wanga ku Linthipe mukafunse azakhali anu. Amazikumbukira kuposa ine, ndipo pomwe aiwala amawonjezera. Ine ndilemba za ntchito imene ndinagwira ku Joni, chifukwa zaka zonse zija palibe mmodzi wa inu amene ndinamuuza kumene ndinkalowera m'mawa. Sikuti ndinkakudani. Nkhani ukauza mwana wako wauza mwamuna wake, ndipo ukauza mwamuna wake wauza ofesi yonse.

Januwale 2008

Ndinafika ku Joni imvi zitayamba kale, nditaika bambo anu m'manda. Iwo anagwirako kumigodi pa unyamata wawo, ndipo chimene anandisiyira chothandiza kumeneko chinali Chifanakalo chochepa, chiyankhulo cha kumigodiko, chimene ankatukwanira mbuzi. Mayi wina wa kutchalitchi anandipezera kachipinda kuseri kwa nyumba ya gogo wina wogontha ku Alexandra, nanditengeranso kuntchito kwake kuti ndimusungire malo iye akukachira. Sanabwererenso, malo aja anakhala anga. Mayiyo ndiye anandilangiza tili pa geti: "Akakufunsani kwanu, muziti kumapulazi a ku Limpopo. Kumeneko anthu amayankhula zosakanikirana, palibe adzadabwe." Ndinamvera, ngakhale panthawiyo sindinkaona chifukwa chake.

Ntchitoyo inali m'shedi yaikulu ku Marlboro, kungowoloka msewu kuchokera ku Alexandra. Tinkakonza ndi kugulitsa ndodo za gofu, masewera a anthu opeza bwino omenya kampira koyera mpaka kakagwere m'kadzenje. Mwini wake anali bwana Kobus, mzungu wa Chibunu, wamimba, wosachedwa kupsa mtima ndiponso wosachedwa kuiwala chimene wapsera mtima. Ine ndinayamba ndi tsache, kusesa tizidutswa ta zitsulo ndi malabala akale. Chaka chimenecho magetsi ankangothimathima. Akathima, makina odulira amaima, bwana n'kumatukwana boma, ndipo ndodo zonse zinkadulidwa ndi sowo yamanja.

Wodula ndodoyo anali Mandla, mnyamata wa Chizulu, wamtali, wa chipsera pachibwano. Tinkakhala msewu umodzi. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato, n'kundifunsa m'Chizulu kuti, "Gogo, kwanu n'kuti?"

"Limpopo," ndinatero.

"Limpopo ndi yaikulu."

"Kumapulazi."

Anadikira kuti ndipitirize. Ine ndinapitiriza kusesa. Kuyambira pamenepo anayamba kunditchula kuti Gogo Thula, kutanthauza gogo wosayankhula, ndipo dzinalo linakhazikika.

Meyi 2008

Zimene zinachitika mwezi umenewu munazimva pa wailesi, sindizibwereza zonse. Ndilemba zimene ndinaona ndi diso limodzi pa mng'alu wa chitseko changa.

Pabwalo pathu pankakhalanso a Saidi, telala wa ku Mangochi. Iwo sankabisa kanthu. Ankasoka ali pakhonde akuimba nyimbo zakwawo, ndipo kangapo konse anandipatsa moni m'Chichewa mondiyesa, ine n'kungodutsa ngati sindikumva. M'mawa wina dzuwa litatuluka kale kunabwera gulu la anthu ndi zibonga, akufunafuna makwerekwere, ndilo dzina limene amatitchula ife obwera. A Saidi analumpha mpanda wakuseri. Chitseko chawo chinathyoledwa, wina anatuluka ndi matiresi, wina ndi wailesi. Womaliza kutuluka anali Mandla, atanyamula makina osokera paphewa. Anaima pakati pa bwalo, anayang'ana chitseko changa kwa kanthawi, kenako anapita. A Saidi sindinawaonenso.

Lolemba lake ndinapita kuntchito, chifukwa kujomba kukanakhala kudziulula. Mandla anali pa benchi yake akudula ndodo, akuimba mluzu. Ndinalowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Bwana Kobus yekha ndiye ankadziwa kwathu, poti anaona mapepala anga pondilemba ntchito.

"Bwana, mawu akuti Malawi asatuluke pakamwa panu m'shedi muno."

"Esther, anyamata angawa ndi abwino. Ndimawadziwa."

"Mumawadziwa masana, bwana. Ine ndimakhala nawo."

Analonjeza. Sindinalidalire lonjezolo, koma ndinalibe china chogwira. Madzulo ake ndinakulunga Buku Lopatulika, buku la nyimbo ndi zitenje zanga m'thumba la pulasitiki, n'kuzisokerera m'kati mwa matiresi. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine mlomo ndinausokerera pamodzi ndi zitenjezo.

2009 mpaka 2018

Pa tsache ndinachokapo chifukwa cha ngozi ya wina. Bambo amene ankaveka malabala ogwirira kumutu kwa ndodo anadzicheka dzanja, ndipo bwana anandiitana kuti ndiyese. Ntchito yake ndi yotere: umapana ndodo, umasenda labala lakale ndi kampeni kokhota, umakulunga tepi yomata, umathira mankhwala oterera, n'kukankhira labala latsopano msangamsanga lisanagwire. Mankhwalawo akasowa tinkathira parafini, ndipo ndinkafika kunyumba ndikununkha ngati nyali. Benchi yanga inali moyang'anana ndi ya Mandla. Tinakhala choncho zaka zonsezo, iye akudula, ine ndikuveka. Ankandigawira buledi wake, ine n'kumalandira, koma sindinadyepo asanalume iye. Amayi ake atamwalira ndinasonkha nawo ngati wina aliyense. Ndikamva munthu akuyankhula Chivenda m'takisi ndinkatsika ndisanafike, kuopa kuti angandifunse za kwathu kwabodza kuja.

Kenako bwana anamanga chipinda choyezera makasitomala kutsogolo kwa shedi. Anthu ambiri ankabwera kudzayezetsa ndodo imodzi yotchedwa pata. Imeneyi simenyera kutali, ndi yogubuduzira mpira pang'onopang'ono ukafika pafupi ndi dzenje, ndipo ndi imene imaliza amuna akuluakulu. Pansi panali kapeti wobiriwira, kumapeto kwake kadzenje, pamwamba kamera. Munthu amaima atawerama, atagwira ndodo yoyesera imene imatalika ndi kufupika ngati mlongoti wa wailesi. Bwana ankauza aliyense mawu amodzimodzi: "Ima mmene umaimira masiku onse. Ndodo itsate thupi, thupi lisatsate ndodo." Ine ntchito yanga inali kugwada pamapazi a kasitomala, kumuikira mipira, kuyala kagalasi pansi kuti bwana aone ngati maso ali pamwamba penipeni pa mpira, kuyeza kuchokera pamkono mpaka pansi, ndiponso kugwira chikhatho chake n'kuchiyeza kuti tidziwe kunenepa kwa labala. Bwana anandisankha chifukwa sindinkacheza ndi makasitomala.

M'zaka zomwezi Tiyamike, mwana wanga wachiwiri, anakwatiwa ndi a Mwale, bambo ake a mdzukulu wanga Takondwa, amene anapeza ntchito yowerengera chuma pa kampani ina, n'kukhazikika ku Midrand. A Mwale ndi munthu wophunzira, wa tayi, koma analeredwa ndi agogo awo kumudzi ku Dowa, ndipo mwambo unawalowa m'mafupa. Inu adzukulu obadwira m'tauni mwina simudziwa. Kwathu mkamwini ndi mayi wa mkazi wake amaopana. Sayang'anana kumaso, sakhudzana, sapatsirana chinthu m'manja. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire, n'kunjuta, moni n'kumapatsirana chapatali. Ena masiku ano amapatsana kamphatso n'kuthetsa zimenezi, ife sitinatero. Ndikapita ku Midrand, a Mwale ankanjuta pakhomo la khitchini, nkhope atalozetsa kufiriji, Tiyamike n'kumatiperekera mawu.

Ndinawapatsa malamulo awiri. Asadzapondeko ku Alexandra, ndipo akadzandiona pagulu asadzandidziwe. Za ntchito ndinangoti ndi kufakitale.

Ogasiti 2019

Mwezi umenewu mphepo inali itayambanso kununkha. M'takisi anthu ankakamba za obwera mokweza, osatsitsa mawu ngati kale. Mandla naye anali atachepetsa nthabwala, nthawi ya tiyi ankangoyang'ana foni ndi anzake, ine ndikayandikira n'kuitembenuza.

Loweruka lina m'mawa ndinali m'chipinda choyezera ndikupukuta kagalasi kaja, nditagwada, msana kukhomo. Ndinamva bwana akulowa ndi kasitomala, ndipo kasitomalayo ankafotokoza vuto lake m'Chingerezi. Ankati akuluakulu a kuntchito kwake amachita naye masewerawa, kumenyera kutali amatha, koma akafika pafupi ndi dzenje mpira umangolilambalala, mpaka amupatsa dzina lomuseka, ndipo mnzake wina ndiye wamulozera kuno. Mawuwo ndinawadziwa asanamalize chiganizo choyamba. Ndinayang'ana m'kagalasi. Anali a Mwale.

Kothawira kunalibe. Khomo lakutsogolo anaimapo iwo. Pakhomo lolowera kushedi panali Mandla, atatsamira chimango, m'manja muli chitsulo cha ndodo chopanda mutu, akudikira kuti auzidwe podula.

"Kwanu n'kuti, bwana Mwale?" anafunsa bwana Kobus.

"Ku Malawi."

"Malawi? Ha, ndiye Esther..."

Ndinakankha chidebe cha mipira ndi bondo. Mipira inamwazikira chipinda chonse, bwana anatukwana, ndipo m'kutukwanamo anakumbukira lonjezo lake, n'kumeza mawu otsalawo. Koma potola mipira ndinatembenuka, ndipo a Mwale anandiona. Ndinaona mawondo awo akuyamba kupinda okha. Ndinagwedeza mutu pang'ono, ndikuyang'ana pansi. Anakumbukira lamulo langa, anadzikoka n'kuimanso, n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Imani apa," anatero bwana. "Mmene mumaimira masiku onse."

Taganizani, ana anga. Mkamwini ali chiimire, mayi wa mkazi wake atagwada pamapazi ake, akumuikira mpira pakati pa nsapato. Kwathu zimenezi ngakhale woledzera sangachite. A Mwale anagwira ndodo yoyesera, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kunali kozizira. Ine ndikayandikira, iwo amatsika. Ndikasuntha kagalasi, amatsikanso. Thupi lawo linkafuna kunjuta, mutu n'kumalikaniza, ndiye anathera pakati, ngati munthu amene akufuna kukhala pampando umene palibe.

"Mumaima chonchi nthawi zonse?" anafunsa bwana.

"Inde."

"Msana sukukupwetekani?"

"Ayi."

Bwana anafupikitsa ndodo. Anati amenye. Mpira unapita kumanzere, kutali ndi dzenje, chifukwa maso awo sanali pa mpira, anali pa khoma, kuthawa mpango wanga umene unkaoneka m'kagalasi. Bwana anayang'ana kanema wa kamera uja, anakanda mutu, anafupikitsanso.

"Vuto lanu ndaliona. Simuyang'ana mpira. Yang'anani pansi, pomwe pali dzanja la Esther."

Anayesa. Mpira wachiwiri unapita kumanja. Ndinawatambasulira wachitatu moiwala, ndipo iwo sanaulandire. Anadikira mpaka nditauika pansi, ndiye n'kuukoka ndi ndodo. Ndinaponya diso kukhomo. Mandla anali atasiya kutsamira.

Ndodo inafupika mpaka kukhala ngati ya mwana wa sukulu. Bwana anati m'moyo wake sanadulirepo munthu wamtali chotero pata yaifupi chonchi, koma kamera sinama. Mumtima ndinati zili bwino, adule, a Mwale atenge kandodo kawo azipita, akakataye kunyumba. Panatsala chinthu chimodzi chokha, ndipo ndinkachidziwa.

"Esther, yeza dzanja."

Ndinatenga tepi. Ndinaimirira. Ndinadziuza kuti ndi chikhatho chabe, ndagwira zikhatho za azungu, za amwenye, za anthu amene sindikuwakumbukira, ndigwira ichinso, Mulungu aona chifukwa chake. Ndinatambasula mkono. A Mwale anabweza manja onse awiri kumbuyo, n'kubwerera mpaka kugunda khoma.

Bwana anayang'ana a Mwale, anayang'ananso ine.

"Pali vuto, bwana Mwale?" anafunsa bwana Kobus. Khosi lake linali litayamba kufiira. "Simukufuna kuti mayi uyu akukhudzeni?"

"Si choncho. Kapena mundiyeze ndinu."

"Manja ake ndi oyera. Wagwira ntchito pano zaka zambiri."

A Mwale akanati chiyani? Choonadi ndinali nditawaletsa ndine.

Apa Mandla analowa m'chipindamo, chimene sankachita kasitomala alipo. Anayankhula m'Chizulu, motsitsa, koma a Mwale Chizulu amachimva.

"Ndakhala ndikumuona kuyambira pomwe walowa. Sakuwayang'ana. Mpira wa m'manja mwawo sakuufuna. Amabwera kuno ndi njala, akavala tayi amayi athu ayamba kuwanyansa." Anatembenukira kwa ine. "Gogo Thula, khalani pansi. Kwerekwere uyu agwira dzanja lanu, apepesa, apo ayi ndimuperekeza ku galimoto yake."

"Mandla, tuluka," anatero bwana.

Sanatuluke. Chitsulo chija anachigwira pakati, ndipo kumbuyo kwake anyamata ena awiri a m'shedi anali atafika pakhomo kudzaona.

Amayi athu. Mawu amenewo ndinawagwirira ntchito zaka khumi ndi chimodzi, ndi kukhala chete, ndi kutsika m'takisi ndisanafike, ndi kupemphera chamumtima. Ndikanangokhala chete kamphindi kena, akanakhala anga mpaka kalekale, ndipo pa msewu wathu palibe akanakhudza chitseko changa. Bwana mwina akanamuletsa Mandla m'chipindamo, koma galimoto ya a Mwale inali kunja kwa geti, kumene kulibe bwana. Ndinayang'ana bambo a Takondwa. Anali atatsamira khoma, manja kumbuyo, maso pansi, okonzeka kumenyedwa m'malo mophwanya mwambo kapena lamulo langa. Sindinaganize za chikondi, ndisakunamizeni. Ndinaganiza za Tiyamike akulandira foni.

Ndinaika tepi pansi. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kumapeto kwa kapeti, ndinatembenukira kumbali, ndinagwada, n'kuwomba m'manja. Mawu anatuluka osasa, ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Takondwa?"

A Mwale anagwera pansi ngati adulidwa chingwe. Ananjuta, anawomba m'manja, nkhope kukhoma.

"Tadzuka bwino, amayi, kaya inu. Pepani, sitinadziwe."

"Ana adzuka?"

"Adzuka, amayi."

Ndiye ndinayang'ana Mandla, n'kumuuza m'chiyankhulo chake: "Uyu ndi umkhwenyana wanga. Anakwatira mwana wanga."

Azulu nawo ali ndi mwambo womwewu, sindinafunike kufotokoza. Ndinaona nkhope yake ikusonkhanitsa zinthu chimodzichimodzi: mpira wosalandiridwa, maso othawa, mawondo opinda. Kenako inafika pa chinthu chomaliza, chimene ndinkachiopa.

"Wa ku Malawi," anatero.

"Inde."

"Ndi inunso."

"Inde."

Anayang'ana chitsulo chinali m'manja mwake ngati wina wangomupatsira. Anachitsamiritsa kukhoma. Sanaseke, sanakwiye, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanakalipa.

"Zaka zonsezi, Gogo, tikudya buledi mmodzi."

Ndinagwira khoma n'kudzuka. Anatola tepi ija pansi, n'kuuza bwana m'Chingerezi kuti munthu sangayezedwe apongozi ake ali m'chipinda, ine ndituluke, ayeza ndi iye. Bwana ankangoyang'ana uku ndi uku, osamvetsa kuti ndewu yathera pati. Ndinatuluka, ndinakakhala pa benchi yanga. Kudzera pa zenera ndinaona a Mwale akuimirira, akuwongoka, akuwongokabe, bwana n'kumatalikitsa ndodo ija akupukusa mutu. Mpira woyamba unaima pamlomo pa dzenje. Wachiwiri unalowa.

Mandla anabweretsa pata yatsopanoyo atadula, anaiika pa benchi yanga, ndipo labala ndinaveka ndine. Anyamata awiri aja anali atabwerera kale kumakina awo, akunong'onezana. Onse awiri ankakhala ku Alexandra.

Seputembala 2019

Masabata otsatira ndinkagona ndi nsapato. Pa msewu wathu sindinathe kudziwa amene wamva ndi amene sanamve. Mayi wogulitsa tomato pakona anandipatsa moni monga kale, ndinati akundinyenga. Tsiku lina sanandipatse, ndinati wamva. Mandla kuntchito popereka moni ankangoti, "Sawubona, Gogo," dzina la Thula analisiya. Buledi ankauikabe pakona ya benchi yanga.

Kumayambiriro kwa mwezi zinayambika m'tauni, masitolo a obwera akuthyoledwa ndi kutenthedwa, ndipo tinkamva kuti zikuyandikira. Masana ena Mandla anabwera pa benchi yanga, anaima ngati akuyang'ana labala.

"Gogo, lero musapite kunyumba. Pitani kwa umkhwenyana wanu."

"Wanena ndani za ine?"

"Zilibe ntchito. Ndipatseni kiyi."

"Ukatani naye?"

"Chipinda chopanda munthu amachithyola. Chokhala ndi munthu wa pano amachidutsa. Ndiikamo msuweni wanga."

Ndinamuyang'ana pachipsera chija. Ndinaona makina osokera paphewa. Ndikamukaniza, chitseko chikanathyoledwa. Ndikamupatsa, chikanatsegulidwa. Ndinamasula kiyi pa chingwe cha m'khosi n'kumuikira pa benchi.

Ku Midrand ndinakhala m'nyumba ya mkamwini, chinthu chimene mayi anga akanadzuka nacho m'manda. A Mwale ankadyera m'galaja. Pata yawo ankayeserera pa kapeti wa pabalaza, kulowetsa mpira m'kapu, koma akangomva mapazi anga ankaisiya n'kutuluka. Kuntchito Tiyamike ankandiperekeza pa galimoto mpaka pa geti.

Zinthu zitazizira, Mandla anabwereka kagalimoto ka katundu ka bwana n'kubweretsa katundu wanga kushedi. Zonse zinalipo: mapoto, mbaula, bulangeti, ngakhale singano imene ndinkabaya pa katani. Matiresi anali atatumbulidwa n'kusokedwanso ndi ulusi wina. Thumba lija linali pambali, Buku Lopatulika ndi zitenje zitapindidwa bwino.

"Othyola aja anabwera kawiri," anatero. "Anapeza msuweni wanga akuphika."

"Nanga kiyi?"

"Msuweni wanga alibe kokhala, Gogo. Wagwirizana kale ndi mwini nyumba. Komanso inu simungabwerereko, msewu wonse ukudziwa."

"Unawauza ndiwe?"

"Ayi."

Apo ndinafunsa funso limene ndinalisunga kuyambira 2008. "Makina a telala uja unapita nawo kuti?"

Anaika mbaula pansi. "Munandiona?"

"Ndinakuona."

"Ndinakamupatsa ku polisi kumene ankagona. Ndikanawasiya akanatenga ena." Anayamba kumasula chingwe cha katundu. "Ndipo tsiku lomwelo ena ankafuna chitseko chanu. Ndinati m'menemo muli gogo wa ku Limpopo, ndimagwira naye ntchito. Ndinkakhulupirira zimene ndinkanenazo."

A Saidi ali ku Mangochi kapena kumanda, sindingawafunse. Mwina makina anawalandira. Mwina makinawo akusoka madiresi m'nyumba ya mlongo wake wa Mandla. Chipinda changa mwina anachiteteza, mwina anachiona kalekale kuti n'chabwino, chili ndi mpope wa madzi pafupi. Zonse ziwiri zimakwana, ndipo ndazitembenuza mokwanira.

Disembala 2019

Ndinauza bwana Kobus kuti ndikupuma. Mawondo anali atatha ndi kugwada pa kapeti, ndipo munthu sungakhalitse m'nyumba imene mwini wake akudyera m'galaja. Bwana anagula nyama, tinawotcha kuseri kwa shedi, anayankhula mawu ambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba anatchula Malawi mokweza, kawiri, ngati munthu amene walavula fupa.

Anthu akubalalika, Mandla anandiitanira m'chipinda choyezera. Anali ndi tepi m'manja.

"Imani pa kapeti, Gogo."

"Ine gofu ndiyambe lero?"

"Mukutsimphina. Kwanu kuli mapiri, munatero nokha." Anagwada, anayeza kuchokera pamkono wanga mpaka pansi, kenako anakweza maso. "Osati chonchi. Mwapinda ngati umkhwenyana wanu. Wongokani."

Ndinawongoka. Msana unalira. Anayezanso, anapita kubenchi yake, ndinamva makina akudula. Anabwera ndi chitsulo cha ndodo, kumunsi atachiveka kalabala kuti chisaterere, kumutu atakhotetsa chogwirira. Sindinamufunse ngati chinali chomwe chija anagwira tsiku la a Mwale. Zitsulozo zimafanana. Labala lakumutu ndinaveka ndekha, ndipo linali lomaliza pa ntchito yanga.

A Mwale amatumiza mawu kudzera mwa Tiyamike kuti pata ikugwira ntchito, dzina lowaseka lija linatha, ngakhale Tiyamike akuti linangosintha. Ndodo yanga ndili nayo kuno ku Linthipe. Ndimapita nayo kutchalitchi ndi kumunda, ndipo ndi yokwana bwino, sindiwerama nayo ngakhale pang'ono. Munthu uja kuyeza amadziwa. Dzuwa likalowa ndimaipingasa kuchitseko.